Chipinda cha Nsalu Zakuda

Kachala anabisala kuseri kwa makreti a zakumwa amene anaunjikidwa pakhonde la golosale, chikwama cha mabuku chikadali kumsana. Tsidya lina la msewu, bambo ake anali ataima pakhomo la nyumba imene kale munali sitolo ya matayala. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene akuthawa mnzake, kenako anagogoda kawiri. Chitseko chinatseguka pang'ono, iwo n'kulowa chammbali, chitseko n'kutsekekanso.

Aka kanali kachitatu m'sabata imodzi.

Dzina loti Kachala anamupatsa ndi mphunzitsi wake wa masamu, chifukwa chala chake chinkakhala m'mwamba funso lisanathe n'komwe. Tsopano anali Fomu 3, ndipo funso limene linkamusowetsa mtendere silinali la m'kalasi. Kodi bambo ake ankakatani m'nyumba imeneyo?

Pamsewu wonsewo bambo akewo ankadziwika kuti a Mawaya. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito kwa bwana wina wobwereketsa masipika, mamaiki ndi mipando yapulasitiki. Kukakhala ukwati kapena msonkhano, iwo ndi amene ankayamba kufika kudzakoka mawaya, ndiponso ndi amene ankachoka pomaliza. Chaka chimenecho chinali cha chisankho, choncho ntchito inali yambiri. Lero msonkhano wa chipani cholamula, mawa wa chipani chotsutsa, masipika ake omwewo. Bwanayo anali ndi lamulo limodzi kwa antchito ake: “Ife timakweza mawu a eni ake. Athu timawasiya kunyumba.”

A Mawaya ankalisunga lamuloli mpaka kunyumba komweko. Chimwalirireni mkazi wawo, Kachala ali Sitandade 4, m'nyumbamo munatsala anthu awiri, ndipo woyankhula anali mmodzi.

M'sitolo ya matayala ija munali mutalowa mayi wina miyezi iwiri m'mbuyomo. Anali wamtali, wa tsitsi lalifupi, wokonda kuvala ovolosi ya matumba ambiri. Tsiku loyamba lomwelo anaphimba mawindo onse ndi nsalu zakuda. Anthu anangomutcha Wakamera, chifukwa ankayenda ndi kamera ya miyendo itatu. Koma kajambulidwe kake kanali kosamveka. Ukamuimira bwinobwino n'kumwetulira, iye sankakujambula. Ankajambula mpopi wouma wa kumsika, mapepala a kampeni akusupuka pakhoma, mapazi a anthu ali pamzere. Sanali mtolankhani. Sanali wojambula maukwati. Nanga ankagwirira ntchito ndani?

Kachala anawoloka msewu n'kulowa kanjira kopapatiza ka kumbali kwa nyumbayo. Windo lakumbuyo linali losweka pakona, ndipo nsalu inali itasiya kampata kokwana diso limodzi. Anakwera pa tayala lakale n'kusuzumira.

M'katimo munali mdima, koma khoma limodzi linkawala. Pakhomapo pankaoneka bwalo la msonkhano wandale. Pafupi ndi tebulo panakhala bambo ake, mahedifoni kumutu, maiki patsogolo pawo. Wakamera anali ndi kope ndi cholembera.

“Anatilonjeza katatu,” anamveka mawu a bambo ake. “Katatu konseko wolumikiza maiki ndinali ine.”

“Bwerezani pamenepo, bambo,” anatero Wakamera, akulemba. “Musaope. Nenani zonse.”

Kachala anatsika pa tayala paja. Bambo ake, amene wailesi ikayamba zandale ankangoitsitsa, lero akuuzidwa kuti anene zonse, munthu wachilendo n'kumalemba!

Madzulo a tsikulo, akutsuka mbale, anayesa kuwafunsa ngati zongocheza.

“Ababa, masana munali kuti?”

“Kuntchito,” anayankha osamuyang'ana, akusanja zida zawo m'chikwama.

“Tsiku lonse?”

“Iwe wakhala wapolisi liti?”

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Kenako anayamba kuimba mluzu. Kachala sankakumbukira tsiku limene anawamvapo bambo ake akuimba mluzu. Zimenezi zinamuopsa kuposa bodza lija.

Lachisanu, akuchokera kusukulu, anakumana ndi Wakamera maso ndi maso pafupi ndi mpopi wouma uja. Anafuna kumulambalala, koma mayiyo anamuitana.

“Iwe ndiwe Kachala, eti? Wa Fomu 3, katswiri wa masamu.”

Kachala anaima. “Mwandidziwa bwanji?”

“Mbiri yako ndimaimva,” anatero Wakamera akumwetulira. “Loweruka la sabata yamawa usadzapite kutali. Pali chinthu chimene ndikufuna udzaone.”

“Chinthu chanji?”

“Ndikakuuza lero ndiononga zinthu. Ndinalonjeza munthu.”

Ananyamula kamera yake paphewa n'kumapita. Kachala anatsala ataima pomwepo. Dzina lake ankalidziwa, kalasi yake ankaidziwa, ngakhale phunziro limene ankakhoza. Nanga m'kope muja munalembedwanso chiyani?

Loweruka m'mawa anapita kwa azakhali ake, mchemwali wa bambo ake, amene anali ndi saluni kumsika. Anawapeza akuluka mayi wina, meshi ili pakamwa. Amayi ena awiri anali atalowetsa mitu m'makina oumitsira tsitsi.

“Nkhope imeneyo bwanji, mwana wa achimwene?” anafunsa azakhali. “Masamu akukana?”

Kachala anawayandikira n'kuwanong'oneza zonse: za kugogoda kawiri, za maiki, za bodza, za mluzu. Azakhali analavula meshi ija n'kuphulika nako kuseka.

“Achimwene akuimba mluzu? Aa, iwe, imeneyo si nkhani yandale. Konzeka, akukupezera mayi wina!”

Kachala anakwiya. Iye wabwera ndi nkhani yoopsa, anthu n'kumaiyesa nthabwala.

“Azakhali, si zoseka izi,” anatero mokweza mawu. “Mayi uja ndi kazitape. Akujambula mawu a anthu n'kumalemba mayina awo m'kope.”

Kuseka kuja kunatha. “Kazitape wa ndani?”

“Kaya. Koma akuwakakamiza ababa kuti aulule zimene andale amakamba kuseri kwa pulatifomu.”

“Wamva kwa ndani zimenezi?”

“Ndaona ndi maso anga.”

Mayina sanawaone. Za kuseri kwa pulatifomu sanazimve. Koma mawuwo atatuluka pakamwa anamveka ngati oona, moti iye mwini anawakhulupirira. Apa m'pamene anazindikira kuti m'salunimo munali zii. Magetsi anali atazima, makina oumitsira aja anali atasiya kulira, ndipo amayi awiri aja anali atatulutsa mitu. Mmodzi wa iwo anali mkazi wa dalaivala amene ankayendetsa lole ya masipika kuntchito kwa a Mawaya.

“Izi zithere muno,” anatero azakhali, akuwayang'ana amayiwo.

“Eee, ife ndiye tilibe pakamwa,” anayankha mkazi wa dalaivala uja, dzanja lili kale m'chikwama kufunafuna foni.

Pofika Lolemba nkhaniyo inali itamera miyendo. Wogulitsa mayunitsi ankati m'kope muja muli mayina makumi anayi. Wokonza njinga ankati kuseri kwa nsalu zakuda kuli makina omvera mafoni a msewu wonse. Amayi a kumsika ankati akamuona Wakamera akubwera, ankabisa mapazi pansi pa mabenchi. Ngakhale kusukulu, mtsikana wina wa Fomu 4 anamukokera Kachala pambali n'kumuuza nkhaniyo ngati yatsopano. Kachala anamva mtima kukhala pansi. Ngati anthu onsewa akunena, ndiye kuti sanalakwitse.

Lachitatu anaweruka kusukulu n'kupeza chitseko cha kunyumba chili chotsegula. Bambo ake anali pampando, chikwama cha zida chili pamapazi pawo. Nthawi imeneyo sankapezeka pakhomo.

“Ababa, mwadwala?”

“Ayi.”

“Nanga msonkhano wa lero uja?”

“Apita ena.” Anayang'ana manja awo. “Ntchito yatha, mwanangu. Abwana akuti ndikugulitsa zinsinsi za makasitomala awo kwa kazitape. Ndayesa kufotokoza, koma akuti msewu wonse ukudziwa.”

Kachala anaponya chikwama pansi. Mkwiyo unamugwira, ndipo unkadziwa kolowera. Anatuluka akuthamanga, bambo ake akumuitana kumbuyo.

Pachitseko cha sitolo ya matayala panali patalembedwa ndi penti, zilembo zikuluzikulu zokhota: KAZITAPE. Kachala anamenya chitsekocho ndi zibakera mpaka chinatseguka. Wakamera anaima pakhomo, maso ali otopa.

“Mwawachotsetsa ntchito bambo anga!” anakuwa Kachala. “Mukufuna chiyani kwa ife? Anakutumani ndani?”

“Awachotsa?” Mayiyo anatsamira pachitseko ngati wamenyedwa. Kenako anasuntha kumupatsa njira. “Lowa. Usakhulupirire mawu anga. Udzionere wekha.”

“Chitseko chikhale chotsegula.”

“Chikakhala chotsegula zithunzi sizioneka. Ntchito ya nsalu zakudazi ndi yomweyo, kutchinga dzuwa.” Anazula kiyi n'kumupatsa. “Tseka ndiwe, kiyiyo usunge ndiwe.”

Kachala anatseka, kiyi ataifumbata zolimba. M'chipindamo munkanunkhabe mphira. Munali tebulo, laputopu, makina atatu oonetsera kanema pakhoma, ndi matayala akale oikidwa pakati ngati mipando. Anayang'ana m'makona monse kufuna makina omvera mafoni aja. Anangoona tsache ndi ndowa.

Anakhala pa tayala. Wakamera anadina laputopu, ndipo makoma atatu anawala nthawi imodzi.

Kumanzere kunaoneka mapazi. Mapazi okhaokha, ali pamzere pafupi ndi mpopi, zidebe zili pambali. Ena a m'mapatapata, ena a nsapato za sukulu, ena opanda kanthu. Ankasuntha pang'ono, n'kuima, n'kusunthanso, koma mzerewo sunkatha. Kumanja kunaoneka milomo ya anthu oyankhula pa maiki. Milomo yokha, yaikulu ngati chitseko, ikutseguka ndi kutsekeka popanda mawu. Sukanadziwa kuti uwu ndi mlomo wa chipani chiti. Pakhoma lapakati panali bwalo la msonkhano anthu atabalalika. Mipando inali itagwa, mapepala akuuluka ndi mphepo. Patali, munthu mmodzi atatembenuka msana ankakulunga waya pamkono pake, pang'onopang'ono.

Kachala anaudziwa msana umenewo.

Kenako m'chipinda monse munamveka mawu.

“Wani, thuu. Wani, thuu. Kumbuyoko ndikumveka?”

Panadutsa kanthawi, mphepo yokha ikuwomba pabwalo lija.

“Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyankhula pa maiki,” anapitiriza mawu a bambo ake. “Mawu anga ndi omwewa. Ndikatha kuwanena, ndimapereka maikiyo kwa eni ake. Za madzi anatilonjeza katatu. Katatu konseko wolumikiza maiki ndinali ine. Ndili ndi mwana wamkazi. Amadzuka kukaima pamzere wa madzi asanapite kusukulu, koma masamu amakhoza kuposa aliyense. Mayi ake anamwalira tili panjira yopita kuchipatala chakutali. Galimoto inadutsa pafupi ndi maziko a chipatala chathu. Tsiku loika mwala pa mazikowo, masipika ndinamanga ndine. Sindikudana ndi munthu. Ndikungofunsa. Kumbuyoko ndikumveka?”

Sanatchule dzina la munthu aliyense. Sanatchule chipani. Munthu wa pakhoma uja anamaliza kukulunga waya, n'kuunyamula, n'kuchoka. Bwalo linatsala lokha. Mapazi ankasunthabe, milomo inkatsegukabe, kenako makoma onse anazima.

Kachala anapeza kuti kiyi ija yamusindikiza chizindikiro m'dzanja. Za ulendo wa kuchipatala uja bambo ake anali asanamuuzepo.

“Iyi ndi filimu yanji?” anafunsa. “Ilibe ochita sewero. Ilibe mathero.”

“Si filimu ya nthano,” anatero Wakamera, akuyatsa getsi. “Aluso ena amajambula ndi penti, ena amasema mitengo. Ine ndimagwiritsa ntchito kanema, mawu ndi makoma. Munthu amakhala pakati pa zithunzizi, n'kumaganiza yekha. Sindimuuza woti amuvotere.”

“Ndiye mumatumiza kwa ndani?”

“Kwa aliyense wolowa pakhomopo. Oyamba ndinkafuna akhale anthu a msewu uno, Loweruka likubwerali. Kukaonetsa kwina, pokhapokha bambo ako atalola.”

“Nanga kope lija?”

Mayiyo analitenga patebulo n'kumupatsa. Kachala anatsegula masamba onse, limodzi ndi limodzi. “Mphindi yachinayi, mphepo yachuluka.” “Apa mawu achedwe kuyamba.” “Mapazi a mwana, ndibwereze.” Dzina linalimo limodzi lokha, patsamba lomaliza, pamene bambo ake anasaina kuti mawu awo amveke koma nkhope yawo isaoneke.

“Inenso ndili ndi mlandu wanga,” anatero Wakamera, akukhala pa tayala lina. “Ndinabwera pamsewu wa eni ake, n'kutseka mawindo, n'kumajambula mapazi a anthu osawauza chifukwa chake. Ndinkaganiza kuti ntchitoyi idzadzifotokoza yokha. Koma za mayinazi sindikudziwa kumene zachokera. Akuti pali mtsikana wina amene anawaona ndi maso ake. Ndikanakonda kukumana naye, ndimuonetse kopeli.”

Kachala anatseka kope lija. Masiku onsewa ankayesa kuti anthu akutsimikizira zimene iye ankaganiza. Sanaganizepo kuti zimene ankamvazo anali mawu ake omwe, atazungulira msika n'kubwerera atanenepa.

Pachitseko panamveka kugogoda kawiri. Kachala anadzuka n'kukatsegula. Anali bambo ake, akupuma mwawefuwefu.

“Sunachite chipongwe, eti?” anafunsa, kenako anatembenukira kwa Wakamera. “Mumukhululukire, mayi. Ndi mwana, wapsa mtima.”

“Ababa,” anatero Kachala. “Amene anayambitsa nkhani ya kazitape ndine.”

Anawafotokozera zonse, maso ali pansi. Za windo losweka, za saluni, za magetsi amene anazima, za mayina amene sanawaone. Panja pankamveka wogulitsa mayunitsi akuitana makasitomala.

“Bwanji sunandifunse, mwanangu?” anatero bambo ake motsitsa.

“Ndinakufunsani. Munati munali kuntchito.”

A Mawaya anakhala pa tayala, n'kupukuta kumaso ndi manja onse awiri.

“Zoona,” anatero. “Ndinanama. Ndinkachita manyazi. Munthu wa mawaya n'kumayankhula ngati wophunzira. Ndinkati udzangomva Loweruka pamodzi ndi anthu, mumdima, osandiona nkhope.” Anapumira m'mwamba. “Koma iwe, kunena kuti waona chimene sunaone...”

Sanamalize. Kachala akanakonda bambo ake akanamukalipira.

M'mawa mwake, asanapite kusukulu, anapita kuntchito kwa bambo ake. Pabwalo amuna anayi ankakweza masipika mu lole. Bwana anali pakhomo la ofesi, foni kukhutu, ina m'dzanja. Kachala anadikira mpaka anamaliza, kenako ananena zonse, amuna aja atasiya ntchito n'kumamvetsera. Dalaivala anayang'ana kumbali.

“Wachita bwino kubwera,” anatero bwanayo. “Ndipo ndikukukhulupirira. Bambo ako ndawadziwa iwe usanabadwe. Koma a zipani zonse ziwiri andiimbira, akuti asawaonenso pafupi ndi pulatifomu. Ndiwayankhe kuti chiyani? Kuti mwana wa sukulu wasintha maganizo?”

“Ndikhoza kukawauza ndekha.”

“Ukawapeza kuti? Pageti pomwe sakakulola.” Anayang'ana foni yake, imene inali itayambanso kulira. “Komanso kaya ndi kazitape kaya ndi waluso, bambo ako anayankhula. Lamulo langa amalidziwa. Chisankho chikadutsa mwina tidzaona. Pita, uchedwa.”

Masana anapita kusaluni. Azakhali ake anamvetsera atagwira chipeso m'mwamba, ndipo atamva za ntchito anakhala pansi pa mpando wa kasitomala.

“Mayo ine, achimwene anga,” anatero. “Ndipo ine ndinauzako anthu awiri okha.” Anaganiza pang'ono. “Mwina asanu.”

Loweruka masana azakhali anatseka saluni, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuwakoka makasitomala awo atatu, wina tsitsi lili lolukidwa theka. Wakamera anaima panja pa chitseko chopakidwa penti chija, kope lili m'manja. Anapepesa kwa anthu chifukwa chowajambula osawafotokozera, n'kunena kuti aliyense wofuna akhoza kuwerenga kopelo. Kenako Kachala anaima pambali pake n'kunena mbali yake. Anafotokoza mpaka kumapeto.

Analowa anthu khumi ndi anayi. Ena ambiri anaima tsidya lina la msewu, manja atapinda pachifuwa.

“Mukalowa mmenemo akujambulani maso,” anachenjeza wogulitsa mayunitsi. “Musadzati sindinanene.”

Kanemayo atatha, mayi wina wogulitsa masamba anakuwa mumdimamo.

“Mapazi aja ndi anga! Patapata womanga ndi waya uja ndi wanga!”

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso.

“Koma milomo ija ndi ya chipani chiti?” anafunsa wokonza njinga, amene analowa kudzafufuza makina omvera mafoni.

“Ya chipani chako,” anayankha azakhali.

“Bodza! Wathu alibe mano otero.”

Mkangano unayamba pomwepo. Unachoka pa mano n'kufika pa mpopi, unachoka pa mpopi n'kufika pa maziko a chipatala amene anamera udzu. Anthu amene kwa zaka ankangodutsana pamzere wa madzi anatuluka akulozana zala, akufunsana kuti kalata yopita kukhonsolo alembe ndani. Ena mwa oima tsidya lina aja anawoloka kudzafunsa chimene chachitika, ndipo Wakamera anaonetsa kanemayo kachiwiri.

A Mawaya anaima kumbuyo, pafupi ndi ndowa ndi tsache. Bambo wina wachikulire, mlonda wa kumsika, anawagwira dzanja kwa nthawi yaitali.

“Zaka zonsezi timayesa simuyankhula,” anatero.

Koma ntchito sinabwerere. Lolemba m'mawa a Mawaya anatulutsa tebulo laling'ono pakhonde, n'kuyalapo zida zawo. Pakatoni analemba kuti: TIMAKONZA MAWAILESI NDI MASIPIKA. Patebulopo panali wailesi imodzi yokha, ya azakhali, imene Kachala ankakayikira ngati inalidi yowonongeka. Lole ya masipika inadutsa mumsewu, munthu wina atakhala pamalo pamene bambo ake ankakhala. Iwo anaiyang'ana mpaka inakhota, kenako anaweramira wailesi ija.

“Ababa, ndijombe lero ndikuthandizeni?”

“Undithandize chiyani, wailesi imodzi? Pita kusukulu.” Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. “Ukabwera, ukhale apa. Za mayi ako zilipo zambiri zimene sindinakuuze.”

Kachala anafika pasiteji ya minibasi atatsala ndi mphindi zochepa. Pabenchi panali mayi wina wachilendo, thumba la katundu lili pamiyendo. Minibasi inaima, kondakitala akuitana kuti patsala malo amodzi. Kachala anali ataponda kale pakhomo pamene mayiyo anamugwira mkono.

“Mwanawe, paja msewu uno ndi umene kuli bambo wa masipika uja, wogwira ntchito ndi akazitape? Kwathu akuti anapereka mayina a anthu zana limodzi.”

“Ukukwera kapena ayi?” anakuwa kondakitala.

Kachala anayang'ana mpando wopanda munthu uja, n'kuyang'ana mayiyo. Anadziwa kuti akachedwa akapeza geti la sukulu lotseka, ndipo chilango chake n'kukolopa khonde lonse. Anadziwanso kuti mayiyu si womaliza.

Anabweza phazi lake pansi. Minibasi inanyamuka.

“Mayi, sunthani pang'ono ndikhale,” anatero, akuvula chikwama. “Bambo amenewo ndi bambo anga, ndipo sanapereke dzina la munthu. Bodza limenelo ndinayambitsa ndine. Ndikufotokozerani mmene zinakhalira, kenako mukawauze a kwanuko.”